Kodi Zambia isankhe China kapena America? Yankho kwa bambo a ku Matero

Bambo ena a ku Matero, amene amagulitsa zipangizo za magalimoto, anditumizira imelo ya mafunso awiri. Loyamba akuti kodi ndi zoona kuti America ili ndi kampu ya asilikali muno mu Lusaka? Lachiwiri akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndiye bwanji dziko lathu silisankha bwenzi limodzi pakati pa China ndi America?

Zikomo bambo. Ndiyambe ndi la kampu chifukwa ndi lalifupi. Mu 2022 AFRICOM, nthambi ya asilikali a America yoona za Africa, inalengeza kuti ikutsegula ofesi ya mgwirizano wa chitetezo mu ofesi ya kazembe wawo ku Ibex Hill. Anthu anadandaula, boma linayankha kuti si kampu. Kampu yeniyeni ili ku Djibouti, kumene America ili ndi Camp Lemonnier ndipo China nayo inatsegulako yake mu 2017. Choncho zimene munamva zinawonjezeredwa mchere. Komabe nkhawa yanu sindikuipeputsa. Nzika ili ndi ufulu wodziwa kuti ofesiyo imachita chiyani, ikuphunzitsa ndani, ndipo ife tinalonjezapo chiyani.

Pa funso lachiwiri sindikugwirizana nanu, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri yathu yomwe. Zambia ilibe nyanja, yazunguliridwa ndi mayiko asanu ndi atatu, ndipo ndalama zambiri zakunja timazipeza pogulitsa mkuwa umene uyenera kudutsa m'dziko la eni kuti ukafike padoko. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), njira yathu yakumwera inakhala m'manja mwa adani, ndipo mu 1973 malire anatsekedwa. Mayiko a azungu anali atakana kale kulipira njanji yopita ku Dar es Salaam, imene lero timaitcha TAZARA, ati siingapindule. Anaimanga ndi Matchaina, kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi. Koma taonani zimene a Kaunda anachita chaka chomwecho cha 1970: anaitana msonkhano wa mayiko osatenga mbali ku Mulungushi muno mu Lusaka. Analandira njanji osagulitsa mawu a dziko.

Tsono bwenzi lakale limakhalanso wokongoza, ndipo wokongoza amafuna zake. Mukapita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda mudzaona nyumba yatsopano yowala, yomangidwa ndi ngongole ya ku China. Malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower anamangidwa ndi kampani ya Sinohydro. Zinthuzi zilipo, tikuzigwiritsa ntchito. Koma tinakongola mosadziletsa, kwa Matchaina ndi kwa amalonda a ndalama a ku Ulaya ndi America omwe, mpaka mu Novembala 2020 tinalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni. Inu bambo munazimva pa kauntala panu: kwacha ikagwa, bokosi la mabuleki limene munaitanitsa mwezi watha simungaligulenso pa mtengo womwewo, kasitomala n'kumaganiza kuti mukumubera. Mu 2022 tinalowa m'pulogalamu ya madola 1.3 biliyoni ya IMF, bungwe la dziko lonse lokongoza mayiko ndalama, ndipo mu Juni 2023 ku Paris mayiko otikongoza anavomera kusintha kalipiridwe ka madola 6.3 biliyoni, ambiri mwa iwo a China. Zinatenga nthawi yaitali chonchi chifukwa wokongoza aliyense ankaopa kuti akakhululuka, ndalamazo zikalipira mnzake.

Lero onse abwereranso, ndipo chawabweza ndi mkuwa, umene ukufunika kwambiri pa magalimoto amagetsi ndi mawaya. America ndi European Union akulimbikitsa njira ya Lobito yopita kunyanja kudzera ku Angola, n'chifukwa chake a Hichilema anakakumana ndi a Biden, mtsogoleri wa America panthawiyo, ku Angola komweko mu Disembala 2024. China nayo yalonjeza kukonzanso TAZARA. Si awiriwa okha ayi. Mgodi wa Kansanshi uli ndi First Quantum ya ku Canada, migodi ya Konkola (KCM) ili ndi Vedanta ya ku India, ndipo mu 2024 kampani ya ku Abu Dhabi inagula magawo 51 pa 100 a migodi ya Mopani. Tikasankha mmodzi, mawa akakweza mtengo kapena akatikwiyira tidzadutsa kuti? Njanji ziwiri zopikisana zimatipatsa mphamvu yokambirana. Ife a kum'mawa tiwonjezerepo yachitatu, ya Chipata kupita ku Mchinji mpaka ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 2010 koma mpaka pano sitinaigwiritse ntchito mokwanira.

Chimene chimandipweteka ine si kuchuluka kwa abwenzi, koma kufooka kwathu pamaso pawo. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, asidi n'kulowa m'mitsinje yothira mu Kafue, mtsinje umene Lusaka imamwa. Nsomba zinafa, minda ya anthu inapsa. Chaka chomwecho America inalengeza kuti idula madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala chifukwa mankhwala aulere ankabedwa n'kumagulitsidwa. Pa nkhani ziwiri zonsezi wovutika ndi mlimi ndi wodwala, ndipo zonse zinafuna boma lolondera zinthu zake ndi maso.

Malamulo tili nawo. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, amati Nyumba ya Malamulo ivomereze ngongole boma lisanaitenge. Ndiye bambo, phungu wanu akadzabwera kudzapempha voti, mufunseni ngati anawerengapo pangano la TAZARA kapena la Lobito, zaka zingati tapereka, ndani adzaika mitengo ya katundu pa njanjizo, ndiponso ngati achinyamata a ku Matero adzalembedwa ntchito za uinjiniya kapena zonyamula simenti zokha.