Za njinga yako ija, msuweni

Eee msuweni, ndamva uthenga wako. Akuti njinga ikuphulika phuu phuu ku kabuleta, mtunda wa ku Bembeke ikukanika ndi thumba limodzi lokha la mbatatesi, ndiye CDI yabwino, kabokosi kotumiza moto ku pulagi kaja, ndi iti. Hahaha, iwe CDI waidziwa liti? Chimene ukufunsa ndachimva ine, ukufuna kudziwa ngati waiwononga wekha. Amayi aang'ono anakuona Loweruka pansi pa mtengo wa pichesi, masipanala ali mbwee, mutu wa injini uli m'beseni lochapira. Usakane.

Magazi ake ndi omwewa, a amalume. Ukuikumbuka Honda yawo yofiira ija? Eya. Inayamba kubweza kiki mpaka phazi lawo kutupa, nsapato osalowa. Anasintha pulagi, ayi ndithu. Koyilo, ayi. Tsiku la msika anapita pa Lizulu, kudumpha msewu kulowa mbali ya Mozambique, kubwerako ndi kabuleta yatsopano, njinga ili chimodzimodzi. Basi anayamba zoti winawake waiponda, ndipo amene ankamuganizira ukumudziwa, wa dimba uja. Sinditchula, gulu lino muli ana. Anafika pomangirira kanthu kunsi kwa mpando, azakhali n'kumati bola mukanamangirira pa phazipo. Mapeto ake anaikankha mpaka pa boma, kamnyamata kena n'kuchotsa magineto, gudumu la maginito lopanga moto lija. Mkatimo muli kakiyi kakang'ono kooneka ngati theka la mwezi, kamagwira magineto kuti isasunthe pa shafuti. Kanali katameteka. Magineto itasuntha pang'ono, moto unkabwera pistoni isanafike malo ake, n'chifukwa inkawamenya. Amalume mpaka lero amati mankhwala aja ndi amene anamulozera mnyamatayo.

Hmm, ndimati chani? Eya, yakoyo. Injini yako ndi ya tcheni chamkati, ndipo pobwezera mutu uja ndikukhulupirira unaphonya dzino limodzi la giya ya tcheni. Ndi timing imeneyo, mavalavu akutseguka nthawi yolakwika, si CDI. CDI ikafa nthawi zambiri moto umasowa kapena kumadukiza.

Injini ikazizira, tsegula kachivundikiro ka mbali ya magineto, uzungulitse ndi sipanala mpaka chilembo F... ayi ayi, T. T ndi imene ikhale pa kamzere ka pa thupi la injini, F ndi ya moto, isiye. Pamenepo pistoni ili pamwamba. Kenako yang'ana giya ya kumutu imene tcheni chimakwerapo, ili ndi chizindikiro chake chimene chiyenera kuyang'anizana ndi cha pa mutupo. Zikasemphana, masula tensioner, kokungitsa tcheni kaja, sunthira tcheni pa dzino loyenera, mangitsa. Usathamangire kiki! Zungulitsa kaye ndi dzanja kawiri, ukamva kugunda siya pomwepo, apo ayi pistoni ipinda valavu ndiye ulira zenizeni. Zonse zikakhala pamzere koma vuto osatha, ndiye kaone kakiyi ka amalume kaja.

Ndiye wamva? CDI usagule, yamba waona T ndi giya ija. Ndipo ndalama ya CDI imene umati undipemphe mawa sinditumiza, yako ndi nkhani ya dzino limodzi basi. Undijambulire giyayo usanamasule chilichonse, ndipo beseni la amayi aang'ono ubweze, akulifuna.