Wopha mchimwene wanu akawoloka msewu wa M1, angabwezedwe?

Mayi wina wa ku Lizulu wanditumizira uthenga pa imelo umene wandisowetsa mtendere. Akuti mchimwene wake anaphedwa usiku akuchokera kokagulitsa kachewere, ndipo amene akumuganizira anangowoloka msewu n'kukalowa m'midzi ya ku Angónia, m'dziko la Mozambique, poti pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire a mayiko awiriwa. Funso lake n'lakuti: kodi boma lathu lingakamutenge kuti adzayankhe mlandu kuno?

Mayi, pepani kwambiri. Ndikuyankhani mosabisa.

Ife a kuno timaona malirewo ngati msewu chabe. Pa Lizulu munthu umagula tomato mbali ino, n'kuoloka kukagula zitenje mbali inayo, ndipo anthu ake ndi omwewo, chinenero chimodzi, maliro timalira limodzi. Koma pa nkhani ya milandu, phula lija ndi khoma. Wapolisi wa ku Ntcheu alibe mphamvu yokagwira munthu tsidya linalo. Boma liyenera kupempha boma linzake, ndipo apa ndi pamene funso la unzika limalowa.

Choyamba fufuzani: munthuyo ndi nzika ya dziko liti? Ngati ndi Mmalawi wongobisala, njira ilipo. Mayiko onsewa ali mu SADC, yomwe ili ndi pangano la kubweza oganiziridwa milandu limene linasainidwa ku Luanda mu 2002. Koma ngati ndi nzika ya Mozambique, nkhani yalimba. Ndime 67 ya malamulo aakulu a dzikolo imanena mosapita m'mbali kuti nzika yawo singaperekedwe ku dziko lina. Kuno kumalire, komwe wina bambo ake ndi a ku Ulongwe wa ku Mozambique mayi ake a kwa Njolomole ku Ntcheu, sizachilendo kupeza munthu ali ndi zitupa ziwiri, ndiye musangoyesa kuti mukudziwa.

Chitetezo chimenechi chimathera pa malire. Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma ku Mozambique, anagwidwa pa bwalo la ndege ku Johannesburg mu Disembala 2018, ndipo mu 2023 anamutumiza ku America komwe anakamupeza wolakwa. Akanakhala phee ku Maputo, akanamukhudza ndani?

Kwathu kuno ndi zosiyana. Kukhala Mmalawi sikutseka chitseko. Shepherd Bushiri atabwera kuchokera ku South Africa mu Novembala 2020, makhoti a ku Lilongwe anakhalira pansi pempho lomubweza kwa zaka zingapo, ngakhale ndi mwana wa dziko lino.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mabanja ambiri akangomva kuti "wa ku Mozambique sabwezedwa" amagwa ulesi, fayilo n'kugona. Sikuti basi zathera pomwepo. Pangano la SADC lija likuti dziko likakana kupereka munthu chifukwa ndi nzika yake, dziko lopemphalo likafuna, nkhaniyo iperekedwe kwa oyendetsa milandu a komweko. Ndiye kuti munthuyo angathe kuzengedwa kwawo pa mlandu umene anapalamula kuno. Koma pempholo silidziyendera lokha, pamafunika wolikankha.

Tengani nambala ya fayilo ku polisi, sungani lipoti la kuchipatala, ndipo mboni zilembetse umboni wawo zisanaiwale kapena kusamuka. Funsani wofufuzayo ngati nkhaniyi yafika ku ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma ku Lilongwe. A Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, angakuthandizeni kulondoloza. Ndipo chonde, anyamata a m'banja mwanu asaoloke kukamugwira okha usiku. Akatero, amene adzamangidwe ndi iwowo, m'dziko la eni, ndipo mudzakhala mukuyendera milandu iwiri.