Agogo, kodi kuperekeza alendo panyanja ndi ulesi?

Anyamata ena a kwa Chembe ku Cape Maclear andifunsa kuti: "Agogo, ukonde wa chilimira masiku ano sukubweza ngakhale ya mafuta a injini. Tikufuna tipange gulu loperekeza alendo ku zilumba, koma makolo akuti imeneyo ndi ntchito ya alesi ndi osuta chamba. Titani?"

Adzukulu anga, makolo anuwo musawaseke. Adaona ndi maso awo anyamata akulondola azungu pamchenga tsiku lonse, kupempha, kunamiza mitengo, madzulo ndalama yonse n'kuthera kumowa. Adaonanso atsikana akusiya sukulu chifukwa cha maloji. Mantha awo ali ndi pogwira.

Komatu nyanja imene iwo adakuliramo si inonso. Chambo adayamba kusowa ku nyanja ya Malombe kalekale, mpaka boma lidayambitsa makomiti a m'madooko, ma BVC aja, mu 1993. Lero asodzi achuluka, ena akukokera ndi maneti a udzudzu, kukokolola ndi ana a nsomba omwe. Ndiye mnyamata wofuna njira ina sindingamutche mlesi.

Inu a kwa Chembe muli ndi mwayi umene anzanu ambiri alibe. Mukukhala m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo a UNESCO adaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Timbuna tomwe tija, tosakwana n'komwe ndiwo ya mwana! Munthu amachoka ku Ulaya kudzationera m'madzi pa chilumba cha Thumbi ndi pa Otter Point, amalipira, mawa kubweranso wina, timbunato tili pomwepo. Nkhwazi nayo chimodzimodzi: muluzu umodzi, kansomba kuponyedwa, iyo psiti kuchoka mumtengo, alendo m'manja phwaphwaphwa. Koma wina akakaponya ukonde pafupi ndi miyala ya pakiyo usiku, waba m'thumba la mudzi wonse, ndipo inu musamubise poti ndi msuweni.

Tsono yambani chonchi. Musanagule ngakhale jekete imodzi yoyandamitsa, kagwadeni kwa amfumu, mukaonanenso ndi a BVC ndi a paki. Gwirizanani mtengo umodzi, ndipo maboti azinyamula alendo mosinthanasinthana. Chimene chimapha magulu otere ndi kulimbirana mlendo padooko, uyu akukoka chikwama, uyo akukoka dzanja. Mlendo wotero akafika kwawo amauza anzake. Ndalama zizilembedwa m'buku ndipo ziziwerengedwa pagulu. Msungichuma akhale mayi wachikulire, ine ndiye ndimatero. Amayi ophika nsima ndi kampango, osema ziboliboli, oluka mikeka, onse alawe nawo. Mudzi ukapanda kulawa, ntchito yanu idzakhala ya miseche.

Za mwambo musachite nazo manyazi. Mlendo akatuluka m'madzi n'kufuna kulowa m'mudzi, muuzeni mwaulemu avale, mayi amange chitenje. Asajambule amayi akusamba kapena kuchapa, ngakhale ana, osapempha. Pamanda a amishoni a Livingstonia, amene adafika pano mu 1875, mutha kumuperekeza, koma kumanda a makolo athu ayi. Akafunsa za likodzo muuzeni zoona, kuti lilipo ndipo mankhwala ake alipo. Mwera ukawomba, makamaka mu Juni ndi Julayi, kanani ulendo ngakhale atawonjezera ndalama.

Bwato la bambo anu lokha musagulitse. Mlendo ndi mame. Mu 2020 Covid atabwera maloji adangoti zii, ndipo amene adadya ndi amene adali ndi ukonde kapena kamunda ka chimanga. Nthawi ya dzinja alendo amachepanso. Choncho pokalankhula ndi makolo, musakanene kuti mwasiya usodzi. Kawauzeni kuti bwato lizipita ku usipa usiku monga kale, masana lizinyamula alendo, ndipo ndalama yoyamba mukaipereke m'manja mwawo.