Chonyamulira katundu ku Chipata: mawu kwa abale ongowoloka kumene pa Mwami

Abale anga amene mwangofika kuno ku Zambia kuchokera kwathu ku Malawi, kaya mwabwera kubanja, kuntchito kapena kusukulu, takulandirani. Za nyumba ya lendi ndi za mapepala akuuzani ena. Ine wa ku Mchinji, amene ndakhalitsa kuno, ndasankha kankhani kooneka kopepuka: chonyamulira zinthu mukapita kogula. Musaseke. Ndaonapo amayi aulemu wawo akutola tomato mumsewu wa Umodzi Highway, njinga zikuwaimbira belu uku ndi uku, chifukwa cha jumbo yobooka pansi.

Msampha woyamba uli polipirira. M'masitolo akuluakulu ngati Shoprite jumbo si yaulere. Wapamakina amangofunsa kuti, "Pulasitiki?" ndipo mukavomera amaiwerengera pa lisiti pamodzi ndi shuga ndi sopo. Mtengo wake m'khutu la munthu wakwathu umamveka ngati wachabechabe, poti kwathu kwacha imodzi inasiya kalekale kugula kanthu, ngakhale mwana saitola pansi. Ya kuno ikadali ndi mano. Anaichotsa maziro atatu mu 2013, ndipo imodzi yokha mukaisintha imabala makwacha akwathu ambirimbiri. Majumbo atatu lero, awiri mawa, pofika kumapeto a mwezi ndalama ya ndiwo yapita kogula zinyalala.

Kulipiritsaku kunabwera ndi lamulo. Mu 2018 boma la Zambia linatulutsa lamulo lotchedwa Statutory Instrument nambala 65, loletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 30 (micron ndi muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), ndipo oyang'anira ndi a bungwe loona za chilengedwe la ZEMA. Kwathu malire ndi 60, lamulo la 2015 lija limene makampani analimbana nalo m'makhoti, khoti la Supreme n'kuliikira kumbuyo mu 2019. Ndiye jumbo yololedwa kuno ikhoza kupyapyala kuposa yololedwa kwathu. Mwaigula ndi ndalama inde, koma musaidalire pa botolo la mafuta la malita 5. Kumsika timajumbo ting'onoting'ono tija sitinatheretu, amayi amakumangiranibe tomato m'menemo, koma ulendo wake ndi wochoka pa benchi kukalowa m'chikwama chanu, basi.

Tsono musanagule chikwama chilichonse, yambani mwadzifunsa kuti kunyumba mubwerera bwanji. Anthu amasankha ndi maso, kuona maluwa ndi mtundu, pomwe chimene chimapha chikwama ndi njira.

Chipata ndi tauni ya pakati pa mapiri. Ngati mwapeza nyumba kumtunda ndipo muziyenda pansi kuchokera ku Kapata kapena ku Saturday Market, zogwirira zopyapyala zidzakuchekani zala musanafike theka la njira, makamaka dzuwa la Okutobala likakhala pamutu. Woyenda pansi afunika chikwama cha lamba wotambalala wokoleka paphewa, apo ayi dengu kapena beseni ndi nkhata yake. Achemwali, musachite manyazi kusenza poti muli mu mzinda. Kuno amasenza ngati kwathu komwe, palibe amene adzakucheukireni.

Ambiri a inu muzikwera kabaza, ndipo apa ndiye pofunika kumva bwino. Pa njinga yakapalasa katundu amakhala pamiyendo panu, dzanja limodzi lagwira katunduyo, lina lagwira chitsulo. Chikwama chake chikhale chimodzi, chotsekeka pamwamba, chosalendewera. Majumbo anayi olendewera m'manja amathera m'masipoko, ndipo akakodwa simugwa nokha, mugwa ndi wopalasayo. Thumba la ufa la makilogalamu 25 musalimbane nalo pamiyendo. Itanani njinga yachiwiri, alimange pa kaliyala ndi malegeni, mnyamatayo azitsogola inu mukumuona. Pa njinga yamoto mdani ndi ekizozi. Imakhala kudzanja lamanja ndipo imatentha koopsa, moti jumbo kapena thumba likangoikhudza limasungunuka nthawi yomweyo. Mumangomva kafungo, pocheuka mpunga ukuwazika mumsewu. Katundu akhale pakati pa inu ndi woyendetsa.

Pa zonyamulira zonse zimene ndagwiritsapo, chondikhalitsa kwambiri sichigulidwa m'sitolo. Kuno anthu a m'tauni ambiri sapita kuchigayo ngati kwathu, amagula ufa wa m'matumba, wa breakfast kapena wa roller, choncho pakhomo panu matumba opanda kanthu sadzasowa. Tengani limodzi la makilogalamu 25, mulikutumule, mulichape, mupite nalo kwa telala wa pakhonde. Alidule msinkhu pang'ono, apinde mlomo wake kawiri kuti ulusi usamasosoke, asoke makona apansi kuti thumbalo lizitha kuima lokha. Nkhani yaikulu ili pa zogwirira. Telala wofulumira amangozisokerera pamlomo, ndipo pomwepo ndi pamene zimathothoka tsiku limene mwagula mbatata. Muuzeni kuti lambayo atsike mbali imodzi, adutse pansi pa thumba, akwere mbali inayo, kuti kulemera kuzikhala pa lamba osati pa msoko. Pamene lamba wakumana ndi mlomo asoke mopingasa kangapo. Akadandaula kuti ntchito yachuluka, muwonjezereni pang'ono, simukuluza. Mukafuna chooneka bwino chopita nacho m'sitolo, achikute ndi chitenje chakale kunja kwake. Chinthu chimodzi chokha: matumba amenewa amadana ndi dzuwa. Mukalisiya panja masabata angapo limayamba kufumbutuka, kugwira chabe likung'ambika. Likauma lilowe m'nyumba.

Matumba a feteleza nawo ndi olimba, ndipo dera lino la alimi ali ponseponse. Ine ndimanyamuliramo makala ndi mbatata zosasenda, koma ufa, mpunga ndi nyemba ayi. Thumba limene simukudziwa chimene linasungapo, makamaka lochokera kwa alimi a thonje kumene mankhwala opopera amasungidwa m'nyumba momwemo, lisayandikire chakudya ngakhale mutalichapa.

Chikwama chimodzi sichikwanira, ndipo apa anthu amanditsutsa kuti ndimachulutsa. Koma taganizani zimene zimalowa m'chikwama cha Loweruka: nyama, nsomba, repu, buledi, sopo, mwina ndi kabotolo ka palafini. Madzi a nyama akadontha pa tomato amene mudye wosaphika, mawa ana atsegula m'mimba, inu n'kumanamizira madzi a pampopi. Sopo wa fungo ndi palafini zikagona pafupi ndi ufa kapena shuga, nsima yake imanunkha mpaka thumba lithe. Ine nyama ndi nsomba yaiwisi ndimatengera m'kandowa kachivundikiro, kosavuta kutsuka ndi sopo ndikangofika. Zamasamba zimakonda mpweya. M'jumbo yomanga pa dzuwa la kuno zimafika kunyumba zitafota ndi kuchita chikasu, pomwe m'dengu kapena m'chitenje chonyowetsa pang'ono zimafika ngati zongothyola. Masamba a maungu aja kwathu timati nkhwani, pa benchi ya kuno funsani chiwawa. Tomato ndi mazira pamwamba nthawi zonse. Izi aliyense amazidziwa, koma wa kabaza akakuthandizani kulongedza muziyang'ana.

Zouma zili ndi vuto lakelake. Kapenta wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga, nyemba ndi mtedza amayeza ndi choyezera chimene kuno amati meda n'kukuthirirani mu jumbo. Panjira jumboyo ili bwino, koma mukafika khuthulani. Pulasitiki imachita thukuta mkati, kapenta amayamba kununkha, mtedza umagwira chuku, ndipo chuku cha mtedza ndi chimanga chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi amene kukazinga sikumuchotsa. Mtedza wa Chalimbana wa kuno ndi wabwino kwambiri, ndi zomvetsa chisoni kuuwolera mu jumbo. Nsomba zouma zazikulu nazo minga yake imaboola jumbo ina iliyonse, choncho zikulungeni kaye m'pepala.

Chapani zonyamulira zanu. Chansalu chilowe m'beseni pamodzi ndi zovala, chathumba muchitembenuze, muchitsuke ndi burashi, chiume bwinobwino musanachipinde, poti chachinyezi chimaitana mphemvu. Majumbo okhuthala a m'sitolo musataye. Apindeni ting'onoting'ono, awiri azikhala m'chikwama chanu cha m'manja, chifukwa tsiku limene simunakonzekere kugula ndi limene mumakumana ndi nthochi zotchipa. Yonyamulira nyama yokha ndi imene isabwererenso ku chakudya.

Polowa m'sitolo yaikulu ndi chikwama chokhala kale ndi katundu, mlonda akhoza kukuuzani kuti muchisiye posungira katundu. Si kuti wakuonani kuti ndinu mlendo, amatero kwa aliyense. Chopanda kanthu pindani mulowe nacho, ndipo lisiti likhale m'manja mpaka mutuluke, poti pakhomo amalifunsa. Pasipoti, foni ndi ndalama zisagone m'chikwama cha msika. Chimenecho mumachiika pansi posankha kabichi, mumachipereka kwa mnyamata wonyamula, nthawi zina chimakwera njinga ina inu ina. Mlendo akataya mapepala mavuto ake amaposa a mwini dziko.

Majumbo otheratu ntchito ambiri amayatsira mbaula. Chizolowezi chimenechi ine ndimadana nacho, utsi wake ndi woipa, ndipo amene amaupuma ndi mwana ali kumbuyoyo. Kuwataya mu ngalande nakonso, mvula ya Disembala imawakokolola kuchokera m'mapiri n'kutseka mipaipi ya pansi pa misewu, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu akumunsi. Mbuzi ndi ng'ombe zimawadya chifukwa cha kamchere kotsaliramo, ndipo amakatsakamira m'mimba, chiweto n'kumangowonda. Apatseni anyamata apange mpira wachikulunga, otsala apite kudzala.

Chotsala ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere chija, chimene kuno amati ukwa. Cha msika wa tsiku ndi tsiku sichiyenera, n'chachikulu mopitirira ndipo chimakunyengani kudzaza zimene simungazinyamule. Ntchito yake ndi ya ulendo wopita kumudzi. Ku Down Shops muzipeza zamasaizi onse. Posankha yang'anani zipi ndi msoko wa zogwirira, osati kukula, ndipo mukalongedza chimangeni ndi chingwe pamimba kuti zipi isasenze katundu yokha. Pa Mwami, chitsegulireni malo oima kamodzi kokha pochita zonse za mbali ziwiri mu Disembala 2022, kuwoloka kunafupika, koma zikwama amatsegulabe. Ikani zinthu mooneka, malisiti pamwamba, kuti musakhuthule zonse pagulu. Za ufa ndi chimanga yambani mwafunsa a kasitomu musanagule, chifukwa boma la kuno limatseka ndi kutsegula kutulutsa zimenezi malinga ndi mmene zokolola zayendera chaka chimenecho, ndipo achibale akumudzi akamakutumani sadziwa zimenezo. M'kathumba kapambali muikemo singano ya matumba ndi ulusi wake, poti zipi za ukwa zimakonda kufera pa boda pomwepo.