Pulinta ya resin ya pulojekita: yesani kuwala musanagule china chilichonse

Wowerenga wina watilembera imelo kuti ali ndi pulojekita yakale ya mu ofesi, ndipo wamva kuti anthu amapanga nayo pulinta ya 3D yogwiritsa ntchito resin. Akufunsa kuti ayambire pati, nanga agule chiyani. Akulu, musagule kanthu kaye kupatula kabotolo kamodzi ka resin. Mota, mabodi ndi zitsulo zimapezeka, koma ngati kuwala kwa pulojekita yanuyo sikuumitsa resin, ndalama zonsezo zalowa m'madzi.

Resin ndi madzi okhuthala amene amalimba akawalidwa ndi kuwala kwa pafupi ndi UV (kuwala kosaoneka ndi maso), kawirikawiri kwa ma nanomita 405 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Pulojekita imaonetsa chithunzi cha gawo limodzi lopyapyala la chinthu chimene mukupanga, resin amauma pamene paoneka kuwalapo, mbale imene chinthucho chimakakamirapo imakwera pang'ono, kenako gawo lina limabwera. Choncho onani kaye mtundu wa pulojekita yanu. Imene ikufunika ndi ya DLP, luso la kampani ya Texas Instruments limene Larry Hornbeck anatulukira mu 1987, logwiritsa ntchito timagalasi tating'ono kwambiri totembenuka. Za LCD zimameza kuwala kwambiri kumene resin amafuna. Za LED zotchipa nazonso sizithandiza, chifukwa buluu wake amakhala cha m'ma nanomita 450, kutali ndi 405. Yabwino ndi ya DLP yokhala ndi babu la mercury. Anthu ambiri opanga okha makinawa ankakonda Acer H6510BD chifukwa imaumitsa resin ngakhale osaitsegula, ndipo pulinta ya B9Creator, imene inatchuka pa Kickstarter (tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama) mu 2012, inalinso ya pulojekita ya DLP.

Kuyesa kwake n'kosavuta. M'chipinda chamdima, pakani resin pang'ono pa galasi, liikeni pa masentimita 20 kuchokera pa lenzi, ndipo onetsani kabwalo koyera pa chithunzi chakuda. Yesani masekondi 5, kenako 10, 20 ndi 40. Ngati pa masekondi 10 pauma kachikopa kokhoza kunyamulika, pitirizani. Ngati pa 40 padakali madzi, ndiye kuti fyuluta ya UV ya kutsogolo kwa babu ndi gudumu la mitundu (kagudumu ka magalasi amitundu kozungulira m'kati mwa pulojekita) zikutchinga kuwala. Fyulutayo imachotseka, ngakhale kuti zamkati zimatha msanga ikachoka. Gudumu musalidule waya, chifukwa pulojekita zambiri zimazima zikaona kuti silikuzungulira. Lisunthireni pambali lizizungulirabe. Musanatsegule, zulani pulagi ndipo dikirani babu lizizire, pakuti limatentha koopsa ndipo lingaphulike.

Chachiwiri ndi fokasi. Pulojekita inapangidwa kuti izionetsa pakhoma la patali, pomwe inu mukufuna chithunzi chaching'ono pafupi. Masamu ake ndi awa: pulojekita ya mapikiseli 1920 kwa 1080, chithunzi chikakhala mamilimita 96 m'litali ndi 54 m'lifupi, pikiseli (kadontho ka chithunzi) iliyonse ndi ma micron 50, kutanthauza mamilimita 0.05. Ya 1024 kwa 768 pa ma micron omwewo ikupatsani mamilimita 51 kwa 38 okha, okwanira mphete ndi tizidole basi. Kuti fokasi igwire pafupi chonchi, ikani mawasha kuti lenzi ituluke mamilimita ochepa, kapena onjezani lenzi ya kamera yojambulira zapafupi. Keystone, setingi yowongolera chithunzi chopendekeka, musaikhudze n'komwe. Imakonza mawonekedwe popotoza mapikiseli, ndipo mabowo ozungulira amatuluka opindika. Ngati chithunzi chapendekeka, wongolani pulojekitayo ndi manja mpaka mbali zinayi zilingane poyeza ndi caliper.

Tikukulangizani kuti kuwala kuzichokera pansi. Njira yowalitsa kuchokera pamwamba imafuna tanki yodzaza malita angapo, pomwe ya pansi imangofuna resin wakuya mamilimita 5 mpaka 10 m'kabeseni. Koma mavuto ambiri amakhala pa kabeseni kameneka. Gawo lililonse limauma pakati pa mbale ndi pansi pa kabeseni, ndipo liyenera kumatuka pansipo n'kukakamira kumbale. Kale ambiri ankathira silikoni wa Sylgard 184, wosakaniza magawo 10 kwa 1, pamwamba pa galasi. Amamatula bwino, koma amachita mbuu pakapita nthawi ndipo amafuna kuthiranso. Lero pulasitiki yoonekera ndi yosamata ya FEP yochindikala mamilimita 0.15 ndi imene yafala. Ikokeni ndi mabawuti mozungulira felemu, mukumanga mopingasa pang'onopang'ono, mpaka izilira ngati ng'oma mukaigogoda ndi chala. Ikalefuka imangokwera limodzi ndi gawolo osamatuka, ikakokedwa mopyola imang'ambikira pa mabowo. Pansi pake ikani galasi loyera, osati lotchinga UV.

Chokweza mbale ndiye chophweka pa zonse, koma chisagwedere. Mota ya NEMA 17 imayenda masitepe 200 pozungulira kamodzi. Mukailumikiza ku sikuluwu ya T8 imene imakwera mamilimita 2 pa kuzungulira kumodzi, sitepe iliyonse ndi mamilimita 0.01, ndipo gawo la ma micron 50 ndi masitepe 5 ndendende. Ndi dalaiva ya A4988 (kabodi koyendetsa mota) yogawa sitepe iliyonse magawo 16, mulemba masitepe 1600 pa milimita mu pulogalamu yoyendetsa mota. Samalani pogula, chifukwa T8 ina imakwera mamilimita 8. Mbale iyende pa njanji ya MGN12. Ikagwedera ngakhale pang'ono, mizere imaoneka m'mbali mwa chinthucho. Mbaleyo ikhale ya aluminiyamu, yokwechedwa ndi sandipepa wa 120 kuti resin agwire. Poilinganiza, masulani mabawuti, itsitseni pa pepala limodzi, ipanikizeni ndi dzanja, kenako mangani.

Pa zoyendetsa, bodi ya Arduino Uno yokhala ndi pulogalamu ya GRBL ikwanira kuyendetsa mota, ndipo pulogalamu ya NanoDLP pa kakompyuta ka Raspberry Pi imatumiza zithunzi ku pulojekita kudzera pa waya wa HDMI. Pali kanthu kamodzi kamene ongoyamba amakaiwala: chakuda cha pulojekita sichikhala chakuda kwenikweni. Kuwala kochepa kumadutsabe, ndipo pakatha maola angapo pansi pa kabeseni pamachita nkhungu ya resin wouma. Ikani kachitseko pa kamota ka servo ka SG90 kuti kazitseka lenzi nthawi imene mbale ikukwera.

Poyambira, magawo akhale a ma micron 50. Asanu oyamba muwawalitse nthawi yaitali kasanu kapena kuposa ya magawo wamba, kuti agwire mbale. Mbale izikwera mamilimita 5 mosathamanga, cha m'ma mamilimita 50 pa mphindi. Chinthu chikatsalira pa FEP, magawo oyamba sanapse mokwanira kapena mbale yapendekeka. Chikaduka pakati, mwina mbale ikukwera mothamanga, mwina pali malo aakulu afulati amene akukoka mwamphamvu. Chipendeketseni ndipo onjezani zochirikiza. Mabowo akatsekeka, kuwala kwachuluka. Pakati pakamauma koma m'makona ayi, n'chifukwa babu limawala kwambiri pakati, ndipo NanoDLP ili ndi mask, chithunzi chochepetsa kuwala pakati, yolinganizira zimenezi. Resin akazizira kutsika madigiri 20 amakhuthala n'kumachedwa kuuma, choncho m'mwezi wa June onjezani masekondi.

Ngati kwanu magetsi amathimathima, UPS, batire yosunga magetsi akazima, si yodzionetsera. Ntchito ya maola asanu imafera pakati, ndipo babu limawonongeka likazima fani isanaliziziritse. Sankhani UPS yoposa ma watt 300.

Resin wosauma amayabwa khungu, ndipo thupi likayamba kudana naye silisinthanso. Valani magolovesi a nitrile ndi magalasi, tsegulani mawindo, ndipo musayang'ane mu lenzi. Chinthu chikatuluka chitsukeni mu sipiriti wa isopropyl wa 90% kapena kuposa, chiume, kenako chiyanikeni padzuwa kuti chilimbe. Zotsukirazo musathire m'ngalande. Ziikeni padzuwa m'botolo loonekera mpaka resin atauma.

Tikuuzeninso zoona pa za mtengo. Mapulinta ogula okhala ndi sikirini ya LCD m'malo mwa pulojekita monga Elegoo Mars ndi Anycubic Photon kawirikawiri amatchipa kuposa kugula pulojekita ndi zipangizo zonsezi. Kupanga nokha kukupindulirani chifukwa pulojekita muli nayo kale, ndiponso chifukwa poisendeza mutha kusintha kukula kwa pikiseli, zimene makina ogulawo sangachite. Mukayesa dontho lija, tilembereni dzina la pulojekita ndi masekondi amene resin waumira, tidzakuwerengerani mtunda wa lenzi ndi kukula kwa kabeseni.