Funsani Odziwa: Chifefe chopopa chomwe anasiya kupanga

Zikomo akonzi. Malemu bambo anga anasiya mfuti ya chifefe yopopa, pampope pake panalembedwa kuti Winchester Model 12. Ankalondera nayo pa esiteti ya fodya. Mnzanga akuti mfuti zimenezi anasiya kupanga kalekale. Kodi n'zoona? Nanga ikawonongeka ndiye kuti yatha basi? — Mlimi wa ku Santhe, Kasungu

Pepani ndi zovutazo, bambo. Mnzanuyo sananame. Model 12 inatuluka mu 1912 ku fakitale ya Winchester ku New Haven, m'dziko la America, ndipo zinapangidwa pafupifupi mamiliyoni awiri. Mu 1964 kampaniyo inaichotsa pamndandanda wa mfuti zopanga zambirimbiri. Sikuti inali ndi chilema ayi, inagwa chifukwa cha mtengo. Thupi lake ankalisema kuchokera ku chitsulo chimodzi cholimba, ndipo tizitsulo tam'kati amisiri ankatipala pamanja mpaka tikhale mothithikana. Ntchito yotere imadya nthawi ndi malipiro. Remington 870 itabwera mu 1950, yosavuta kupanga komanso yotsika mtengo, ogula anakhamukira kumeneko. M'malo mwa Model 12 munabwera Model 1200 ya thupi la aluminiyamu, kenako Model 1300, yomwenso inatha fakitale ya ku New Haven itatsekedwa mu 2006.

Musanaikhudze n'komwe, konzani za mapepala. Laisensi ya malemu si chuma chamasiye choti n'kugwera mwana. Pitani kupolisi ya paboma ndi laisensiyo, mukanene za imfayo ndi kufunsa njira yolembetsera mfutiyo m'dzina lanu. Kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale ikhale ya bambo anu okubalani.

Kunena za kutha, chitsulo cha mfuti imeneyi sichifulumira kutha. Zomwe zimatopa ndi zazing'ono: sipuling'i yokankha zipolopolo mu chubu cha pansi pa mpope, kambedza kokoka khoba la chipolopolo chowombedwa, ndi kasingano kogogoda chipolopolo. Zimenezi zimapezekabe kunja, koma zidzere kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka. Musanamizidwe kuti zitsulo za Model 1200 kapena 1300 zilowa; dzina la kampani ndi limodzi koma m'kati mwake n'mosiyana kotheratu.

Pali khalidwe lina la mfutiyi lomwe aliyense woigwira ayenera kulidziwa. Mfuti zopopa za masiku ano zimafuna kuti chala chichoke kaye pa kachitsulo kowombera musanawombenso. Model 12 yakale ilibe chotchinga chimenechi. Chala chikatsalira chili chofinya, mfuti imalira yokha nthawi yomwe mwangokankhira chogwirira kutsogolo. Choncho chala chizikhala kunja nthawi zonse popopa.

Kumalo ogulitsa anandipatsa zipolopolo za 76 mm ndipo zikulowa bwinobwino m'chifefe changa chakale. Ndiwombere? — Mlonda wa ku Chinkhoma

Ayi achimwene, musayese. Kulowa si umboni. Utali womwe amalemba pabokosi ndi wa khoba litatseguka, litawombedwa kale. Chipolopolo chisanawombedwe kukamwa kwake kumakhala kopinda, n'chifukwa chake cha 76 mm chimakhala bwino m'chipinda (malo okhala chipolopolo kumbuyo kwa mpope) cha 70 mm. Mukawomba, kukamwako kumasowa potambasukira, kumatsegukira pamene mpope wayamba kuchepa, machaka amapanikizika ndipo mphamvu ya wonga imakwera kupitirira muyeso. Nthawi zina mfuti imangomenya phewa mwaukali, nthawi zina chitsulo chimafufuma kapena kung'ambika pafupi ndi dzanja ndi nkhope.

Werengani pampope, chakumbuyo kwake. Pakalembedwa 2 3/4, ndiye 70 mm. Pakalembedwa 3, ndiye 76 mm. Chipolopolo chachifupi m'chipinda chachitali chilibe vuto, koma chachitali m'chipinda chachifupi n'choopsa. Ma Model 12 oyambirira a geji 16 ndi geji 20 (geji ndi muyeso wa kukula kwa bowo la mpope) anali ndi zipinda zofupikirapo kuposa 70 mm, ndiye ngati zolembazo zinafufutika, mmisiri wa mfuti ayeze kaye.

Musasakanizenso mageji m'thumba limodzi. Chipolopolo cha geji 20, chomwe kawirikawiri chimakhala chachikasu, chikalowa mu mfuti ya geji 12 chimatsetsereka n'kukakakamira m'kati mwa mpope. Munthu amaona ngati mulibe kanthu, n'kuikanso cha geji 12 kumbuyo kwake, ndipo mpope umaphulika. Za machaka achitsulo nazonso zipeweni pa mipope yakale yothina kukamwa, chifukwa chitsulo sichifinyika ngati mtovu ndipo chimatupitsa kumapeto kwa mpope.

Khoba likumakanirira ndikawomba, ndipo nthawi zina mfuti imangoti "tche" osalira. Wowotcherera zitsulo wa pamsika akuti angandisulire kasingano kena ndi msomali. — Mayi wa ku Mtunthama

Mayi, wowotchererayo mumulemekeze pa ntchito ya mageti ndi makasu, koma mfuti asaigwire. Msomali ndi chitsulo chofewa, umapindika kapena kuphwanyika nsonga. Ukatalika pang'ono chabe umaboola kapu ya chipolopolo (kachitsulo ka kumbuyo koyatsa wonga), kapena kuchiwomba mfuti isanatsekeke.

Mwina kasinganoko n'kabwinobwino. Yambani mwachotsa zipolopolo zonse, muone ndi maso komanso mupise chala m'chipinda ndi pakamwa pa chubu. Vuto la khoba nthawi zambiri ndi dzimbiri la m'chipinda, lomwe limabwera ndi chinyontho cha dzinja. Khoba limatupa powomba n'kugwira pamalo okhakhalawo. Tsukani ndi burashi ya mkuwa yonyowetsa ndi mafuta a mfuti, pukutani mpaka kansalu katuluke koyera. Sandipepa ndi tupa ayi, zimakulitsa chipinda. Likakanirirabe, ndiye kuti kambedza kadyeka.

Kulephera kulira kumatha kuchokera ku mafuta olakwika. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo, oyilo wakuda wa galimoto amatola fumbi, ndipo kasingano kamayenda mwaulesi osagogoda mokwanira. Madontho awiri kapena atatu a mafuta a mfuti pa zitsulo zoyenda ndi okwana. Zipolopolo zamakhoba a pepala zomwe zinamwa chinyontho nazo zimakana. Ikangoti "tche", mpope uloze komwe kulibe munthu kwa masekondi 30 musanatsegule, chifukwa wonga wonyowa umatha kuyaka mochedwa.

Posunga, ikhale yopanda chipolopolo, yokhomeredwa, zipolopolo zili pena pouma pomwe ana sangafikire. Iimikeni kukamwa kuli pansi kuti mafuta asatsikire mu thabwa la paphewa, chifukwa thabwa lomwa mafuta limafewa n'kung'aluka. Ndipo musanaike chipolopolo, suzumirani mu mpope kuchokera kumbuyo moyang'ana kowala. Mavu omanga ndi dothi amakonda kumanga m'mipope ya mfuti zokhalitsa, ndipo kachisa kamodzi n'kokwanira kuphulitsa mpope.