Zoika burner ya gasi mu uvuni wa masikono

Mayi amene mwafunsa ngati uvuni wanu wa mgolo, womwe mumaphikira masikono ndi makala ku Kamuzu Road, ungaikidwe burner ya gasi (chitsulo chomwe lawi la gasi limayakirapo): zimatheka, ndipo masikono ake amapsa mofanana. Koma akukuuzani kuti "ingogulani burner mulowetse pansi basi" aja musawamvere.

Mbaula ya gasi imayaka poyera, pamene uvuni ndi wotseka, ndipo ngozi yonse yagona pamenepo. Gasi timagula m'masilindayu ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka sakwera m'mwamba ayi, amadikha pansi ngati madzi m'chithaphwi. Moto ukazima inu muli kokanda ufa, iye amangotulukabe n'kudzaza mgolowo. Safunikanso wochuluka: akangofika pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a mpweya uli m'katimo, ndodo imodzi ya machesi ikhoza kuulutsa chitseko pamaso panu. Kuno ku Salima musaiwale mwera wa mu Juni ndi Julayi, umene ukalowera kunsi kwa uvuni umazimitsa moto mosachita phokoso.

N'chifukwa chake ine ndimati ndalama yoyamba ipite pa valavu yodzitseka yokha, amaitcha flame failure valve. Imakhala ndi kachitsulo kotchedwa thermocouple, komwe nsonga yake imakhudza lawi. Kachitsuloko kakatentha, valavu imakhala yotsegula. Moto ukazima kamazizira, valavu n'kutseka gasi pasanathe nthawi. Poyatsa mumayenera kukanikiza batani lake kwa kamphindi mpaka kachitsuloko katenthe. Ena amatopa nazo n'kumangirira batanilo ndi waya. Kumeneko ndi kutaya ndalama imene munagulira valavu.

Kenako mpweya. Mgolo uboolodwe kunsi kwenikweni kuti mpweya uzilowa komanso gasi wothawa azitulukirako, pamwamba pakhale kachumuni kosatseka. Lawi labwino ndi la buluu, lokhazikika. Likakhala lachikasu, lodetsa mathireyi ndi mwaye, ndiye kuti mpweya ukuchepa ndipo likutulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe sununkha koma umapha. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire muli pa uvuni, tsekani gasi mutuluke panja. Uvuniwo ukhale pakhonde kapena m'chisakasa, osati m'chipinda chogona ana.

Pa regulator, kachipangizo ka pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi, ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pali ya low pressure, ija ya mbaula za m'nyumba, imene imatulutsa pakati pa 28 ndi 37 mbar (muyezo wa mphamvu ya gasi), ndiye pali ya high pressure ya ma burner aakulu owinduka ngati okazingira chipisi. Burner iliyonse inapangidwira imodzi mwa ziwirizi, ndiye funsani pogula, musasakanize. Samalaninso ndi ma burner ochotsedwa m'makuka akale ochokera kunja. Ambiri a ku UK anapangidwira gasi wa m'mapaipi, amene kuno tilibe, ndipo kabowo ka jet yake, kachitsulo kotulukira gasi, n'kakakulu. Mukalumikiza ku silinda lawi limakula mopyola, lachikasu. Mankhwala ake ndi kusintha jet, osati kuifinya ndi nyundo kapena kuiboola ndi msomali.

M'kati mwa uvuni ndi pafupi ndi mgolo mudutse paipi yachitsulo kapena ya kopa. Ya labala iyambire kunja kosatentha, ikhale yopangidwira gasi, yosapitirira mamita awiri, yomangidwa mbali zonse ndi ma clip omanga ndi sikuluu. Mphira wa chubu cha njinga ayi, chonde. Muziiyang'ana pafupipafupi chifukwa makoswe amaikonda, makamaka ikapakika mafuta ndi ufa.

Silinda izikhala choimirira, pamthunzi, patali ndi uvuni komanso ndi dzenje kapena ngalande. Dzuwa lathu la mu Okutobala mukulidziwa. Odzaza amasiya dala malo m'silinda, amalekeza pa magawo 80 pa 100, kuti gasi akatenthedwa apeze kofutukukira, ndiye amene amati "ndakuwonjezerani pang'ono" sakukukondani. Gulani kwa ogulitsa amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi.

Wolumikiza gasi akamaliza, sungunulani sopo m'madzi mupake polumikizira paliponse, silinda ili yotsegula koma burner yotseka. Pakatuluka thovu lofufuma, pakudontha. Osayesera ndi machesi. Poyatsa tsiku lililonse, yambani mwatsegula chitseko cha uvuni, mununkhize, mufikitse moto pa burner ndi choyatsira chachitali, ndiye mutsegule gasi, nkhope ili kumbali. Ikakana kuyaka, tsekani, siyani chitseko pululu kwa mphindi zisanu musanayesenso. Mukaweruka, yambani kutseka pa silinda kuti wotsala m'paipi apse.

Owotcherera zitsulo awotcherere choimikapo burner ndi kuboola mabowo, silinda ili kutali. Koma kulumikiza valavu, jet ndi regulator mupatse munthu amene ntchito yake ndi ya gasi, ndipo ayatse yekha inu mukuona, kenako azimitse lawilo dala kuti mutsimikize kuti valavu ikutsekadi. Ikapanda kutseka, musamulipire kaye.